John Harrison ndi wotchi imene inkauza amalinyero pamene ali

Mukatsegula mapu pa foni, kadontho kamaonekera posonyeza pamene mwaima, ndipo masiku ano palibe amene amadabwa nazo. Kadontho kameneka kamachokera ku mawotchi. Masetilaiti a GPS amanyamula mawotchi olondola kwadzaoneni, ndipo foni imadziwa malo powerengera nthawi imene uthenga watenga kuchoka pa setilaiti iliyonse kudzafika pamene muli. Nzeru yopeza malo kudzera m'nthawi ndi yakale, ndipo munthu amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi John Harrison, kalipentala wa ku England amene anabadwa mu 1693 n'kumwalira mu 1776.

Mbiri yake anthu amaifotokoza mosiyana. Ena amati anawina mphoto yaikulu ya boma la Britain, ena amati anamumana. Ena amamutcha tate wa chronometer, wotchi ya m'sitima zapamadzi, pamene ena amati mawotchi amene anadzadza m'sitima iye atapita sanatengere kapangidwe kake. Mbali zonsezi zili ndi mfundo, koma sizimveka munthu asanadziwe vuto limene linkasautsa amalinyero.

Latitude ndi longitude

Pa mapu a dziko lonse pali mizere ya mitundu iwiri. Yopingasa, imene imatsata ikweta, imasonyeza latitude, kuti muli kumpoto kapena kummwera motalika bwanji. Yotsika kuchokera kunsonga ya kumpoto mpaka kunsonga ya kummwera imasonyeza longitude, kuti muli kum'mawa kapena kumadzulo motalika bwanji. Zili ngati pa bawo: kuti wina adziwe dzenje limene mukunena, mumatchula mzere wake komanso kuti ndi lachingati pamzerepo. Mukatchula chimodzi chokha ndiye kuti simunanene kanthu.

Latitude sinkavuta kwenikweni. Dzuwa likafika paliwombo, woyendetsa sitima ankayeza kuti lakwera bwanji kuchokera pamene thambo lakumana ndi madzi, n'kuyerekeza ndi manambala a m'buku a tsiku limenelo. Kumpoto kwa ikweta kulinso nyenyezi ya Polaris, imene imakhala ngati yakhomedwa pamalo amodzi. Longitude inalibe chizindikiro chotere kumwamba. Dziko limazungulira cholowera kum'mawa, choncho nyenyezi imene ili pamutu panu tsopano ikakhala pamutu pa munthu wina wa kumadzulo pakangopita ola, ndipo poiyang'ana simungadziwe kuti ndinu uti mwa awiriwo.

Ndiye ankangoyerekeza. Ankaponya m'madzi kathabwa komangidwa ku chingwe cha mfundomfundo, n'kuwerenga mfundo zimene zadutsa m'manja pamene mchenga ukutsika m'kabotolo ka galasi. Apo apeza liwiro. Kampasi inkawauza kumene alunjika, ndipo ankalemba pa mapu pamene akuganiza kuti afika. Koma madzi a m'nyanja nawonso amayenda, mphepo imakankhira sitima chammbali, ndipo kulakwitsa kwa lero kumaunjikana pa kwa dzulo. N'chimodzimodzi munthu wodutsa dambo usiku wamdima akuwerenga mapazi: akhoza kuwerenga bwino, koma n'kukatulukira kumunda kwa eni.

Kodi wotchi ikubwera bwanji pamenepa?

Dziko limazungulira madigiri 360 m'maola 24. Ndiye kuti ola limodzi ndi madigiri 15, ndipo digiri imodzi ndi mphindi 4. Mukadziwa nthawi ya pamene muli komanso nthawi ya malo ena odziwika pa kamphindi komweko, kusiyana kwake ndiye longitude yanu.

Tiyerekeze kuti muli ku Lilongwe ndipo muli ndi wotchi yotcheredwa pa nthawi ya ku Greenwich, ku London. Mwazika ndodo pabwalo, ndipo mukudikira kuti mthunzi wake ufupikitsitse. Pamenepo ndiye masana enieni a pamalopo. Mukayang'ana wotchi ija mupeza ikunena pafupifupi 9:45 m'mawa. Kusiyana kwake ndi mphindi 135, ndipo mukagawa ndi 4 mupeza madigiri 33 ndi kachigawo, kum'mawa kwa Greenwich. Ndi pamene Lilongwe alidi pa mapu. Dzuwa limafulumirako kapena kuchedwako ndi mphindi zingapo malinga ndi mwezi wake, koma zimenezi zinkadziwika kale ndipo ankazikonza ndi buku.

Mfundoyi anailemba katswiri wa masamu Gemma Frisius kalekale mu 1530. Chimene chinkasowa ndi wotchi yoti n'kusunga nthawi ya kumudzi kwa milungu ndi miyezi ili m'sitima. Pa ikweta digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye wotchi ikalakwitsa ndi mphindi imodzi yokha sitima imakhala itasochera ndi makilomita 28. Mawotchi a m'thumba a nthawi imeneyo ankatha kulakwitsa mphindi kapena kuposa pa tsiku limodzi.

Lamulo la 1714

Mu October 1707 sitima zinayi zankhondo za Britain, zotsogoleredwa ndi Sir Cloudesley Shovell, zinawomba matanthwe pafupi ndi zilumba za Scilly zikubwerera kwawo, ndipo anthu osachepera 1,400 anamira. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, amalonda ndi oyendetsa sitima atadandaula ndipo Isaac Newton atapereka maganizo ake ku komiti, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolonjeza mphoto. Wopeza njira yodziwira longitude mosalakwitsa kuposa digiri imodzi alandira mapaundi 10,000, magawo awiri mwa atatu a digiri mapaundi 15,000, ndipo theka la digiri mapaundi 20,000. Njirayo inayenera kuyesedwa pa ulendo wopita ku West Indies, zilumba za kutsidya la nyanja ya Atlantic. Anasankhanso akuluakulu oweruza, amene pambuyo pake anadziwika kuti Board of Longitude.

Theka la digiri ndi mphindi 2 za pawotchi. Pa ulendo wa milungu 6, ndiye kuti wotchi isalakwitse kuposa masekondi atatu pa tsiku. M'lamulomo munalinso mawu akuti njirayo ikhale yotheka kuigwiritsa ntchito komanso yothandiza panyanja. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ndi amene anadzabala mkangano patapita zaka 50.

Kalipentala wa ku Barrow

Harrison anabadwira ku Foulby, pafupi ndi Wakefield ku Yorkshire, ndipo ali mwana banja lawo linasamukira ku Barrow upon Humber ku Lincolnshire. Bambo ake anali mmisiri wa matabwa, ndipo iye anatengera ntchito yomweyo. Za sayansi anadziphunzitsa yekha. Mu 1713, ali ndi zaka 20, anapanga wotchi yaikulu yoimika pansi imene pafupifupi timawilo take tonse ta mano tinali ta mtengo. Wotchiyo ilipo mpaka lero.

Kuti timvetse zimene anachita, tione adani atatu a wotchi.

Woyamba ndi kugwedezeka. Mawotchi olondola a nthawiyo ankadalira pendulum, chitsulo cholendewera chimene chimapita uku ndi uku ngati katungwe, ndipo ulendo uliwonse umatenga nthawi yofanana. Christiaan Huygens anapanga wotchi yoyamba yotere mu 1656 ndipo anayesa kuiika m'sitima, koma katungwe amafuna mtengo wosasuntha. Amene anakwerapo bwato mwera ukuwomba akudziwa kuti ngakhale madzi a m'chidebe sakhazikika.

Wachiwiri ndi kutentha. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndicho chifukwa chake malata a padenga amalira masana a mu October. Pendulum ikatalika imayenda mochedwa, ndipo wotchi imatsalira. Wachitatu ndi mafuta. Mafuta opaka m'timawilo ankalimba kukazizira, kusungunuka kukatentha, n'kusanduka phula pakapita nthawi.

Harrison anayamba ndi mafuta. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1720 anapanga wotchi ya pansanja ku Brocklesby Park, ndipo m'malo okhuzana anaikamo mtengo wa lignum vitae, umene umakhala ndi mafuta akeake. Wotchi imeneyi safunika kuipaka kanthu, ndipo ikuyendabe. Anapanganso kachipangizo kolola timawilo kuyenda dzino limodzilimodzi popanda kukhuzana, kamene kanatchedwa grasshopper chifukwa kamaponya miyendo ngati chiwala. Za kutentha anathana nazo pomanga pendulum ndi timitengo ta zitsulo ziwiri, ta mkuwa ndi ta chitsulo wamba, tolumikizidwa mwakuti tina tikamatalika chotsika tina tizitalika chokwera. Kutalika kwa pendulum yonse kunkakhala chimodzimodzi.

Nanga kumudzi kopanda wotchi ina yoposa yake, ankadziwa bwanji kuti yake ikulondola? Ankagwiritsa ntchito nyenyezi. Usiku ankaima pa windo la nyumba yake, n'kulunjikitsa diso pa felemu ya windo ndi chumuni cha nyumba yoyandikana nayo, kudikira kuti nyenyezi inayake ibisike kuseri kwa chumunicho. Nyenyezi imafika pamalo omwewo mofulumirako ndi mphindi 3 ndi masekondi 56 usiku uliwonse. Iye ndi mng'ono wake James ankati mawotchi awo amalakwitsa sekondi imodzi yokha pa mwezi, zimene amisiri otchuka a ku London anali asanafikepo.

Makina atatu aakulu

Cha m'ma 1730 Harrison anapita ku London ndi zojambula zake. Anakaonana ndi Edmond Halley, mkulu wa akatswiri a zakuthambo ku Greenwich, amene anamutumiza kwa George Graham, mmisiri wa mawotchi wolemekezeka kwambiri mumzindawo. Graham anamvetsera, ndipo anamubwereka ndalama popanda chiwongoladzanja.

Patatha zaka zisanu panatuluka makina amene lero amatchedwa H1, olemera makilogalamu pafupifupi 34. M'malo mwa pendulum anaikamo zitsulo ziwiri zokhala ndi mipira kunsonga, zolumikizidwa ndi masipuling'i, zimene zimavina moyang'anizana. Sitima ikapendekeka, chimene chasokoneza chitsulo chimodzi chimabwezedwa ndi chinzake. Mu 1736 anakwera nayo sitima ya Centurion kupita ku Lisbon. Iye anadwala ndi mafunde, ndipo wotchiyo sinachite bwino kwenikweni popita. Pobwerera pa sitima ya Orford, mtunda utaonekera, oyendetsa ankati ndi Start Point, nsonga ya mtunda kummwera kwa England. Harrison anati ndi nsonga ina ya Lizard, makilomita pafupifupi 100 kumadzulo kwa pamene iwo ankaganiza, ndipo anali iyeyo wolondola.

Akuluakulu oweruza aja anakumana mu 1737. Chodabwitsa n'chakuti Harrison sanapemphe ulendo wa ku West Indies. Anati makinawo ali ndi zofooka, napempha ndalama zoti apangire ena, ndipo anamulonjeza mapaundi 500. H2 inatha, koma sinakwere sitima: Britain inali pankhondo ndi Spain, komanso mwiniwake anazindikira kuti zitsulo zovina zija zimasokonezekabe sitima ikamakhota. H3 inamudyera zaka 19. Sinafike pamene ankafuna, komabe inasiya zinthu ziwiri zimene tikugwiritsa ntchito mpaka pano. China ndi kachitsulo kopyapyala ka mitundu iwiri yomatidwa pamodzi, kamene kamapindika kakatentha, konga kamene kamazimitsa ketulo yamagetsi madzi akawira. China ndi bearing ya timagudumu totsekeredwa m'kakhola, kholo la ma bearing ambiri a m'makina. Mu 1749 bungwe la Royal Society linamupatsa mendulo ya Copley, ulemu wake waukulu kwambiri.

Pa zaka zonsezi boma linkamupatsa ndalama pang'onopang'ono. Amene amanena kuti akuluakulu ankamuda kuyambira pachiyambi amaiwala mbali imeneyi.

H4, ndi tanthauzo la wotchi yabwino

Cha m'ma 1753 mmisiri wina dzina lake John Jefferys anamupangira wotchi ya m'thumba motsatira malangizo ake. Inayenda bwino kuposa mmene aliyense ankayembekezera, ndipo Harrison anaona kuti kwa zaka zoposa 20 wakhala akufuna yankho kumbali yolakwika. Kagudumu kakang'ono kothamanga kwambiri, kokhala ndi mphamvu zambiri, sikasokonezeka ndi kupendekeka kwa sitima, chifukwa sitima imagwedezeka mwaulesi poyerekeza ndi iko. Wokwera njinga amadziwa zimenezi: ukamapalasa pang'onopang'ono kamwala kalikonse kamakugwetsa, ukathamanga njinga imadziimira yokha.

H4 inatha mu 1759. Ndi yooneka ngati wotchi ya m'thumba koma yaikulu ngati kambale, masentimita 13 m'mimba mwake, yolemera makilogalamu 1.45. Imagunda kasanu pa sekondi, ndipo tizidutswa togwira mano a gudumu lake n'ta dayamondi. Mosiyana ndi zinzake zitatu zija, iyi imafuna mafuta.

Apa pali mfundo imene imasokoneza ambiri. Wotchi ya panyanja siyenera kunena nthawi yeniyeni. Chofunika n'chakuti izilakwitsa mofanana tsiku lililonse. Mnzanu amene amachedwa ndi mphindi 10 tsiku ndi tsiku ndi wodalirika, mumangomuwerengera. Wovuta ndi uja amene lero wafulumira, mawa wachedwa. Ngati mukudziwa kuti wotchi imatsalira masekondi atatu pa tsiku, pakatha masiku 20 mumangowonjezera mphindi imodzi. Kalakwitsidwe kokhazikikaka amakatcha rate, ndipo kayenera kudziwika ulendo usanayambe. Mukakatchula mutafika kale, wina akhoza kunena kuti mwasankha nambala yokukomerani.

Mu November 1761 H4 inanyamuka ku Portsmouth pa sitima ya Deptford kupita ku Jamaica, chilumba cha ku West Indies. Harrison anali ndi zaka 68, choncho amene anapita nayo anali mwana wake William. Panjira William ananeneratu tsiku limene adzaone chilumba cha Madeira, mosemphana ndi mawerengedwe a oyendetsa, ndipo zinachitikadi. Atafika ku Jamaica mu January 1762, atawerengera rate, wotchiyo inapezeka kuti yatsalira ndi masekondi 5 okha pa masiku 81. Akuluakulu sanakhutire. Anati longitude ya Jamaica yeniyeniyo sinkadziwika bwino, komanso rate sinagwirizanidwe pasadakhale. Analamula ulendo wachiwiri.

Mu 1764 William anakwera nayo sitima ya Tartar kupita ku Barbados, ulendo uno atapereka rate asananyamuke. Pa masiku 47 inalakwitsa masekondi 39, kutanthauza makilomita osakwana 20, pamene mphoto yaikulu inkalola pafupifupi 56.

Njira ya mwezi

Panalinso njira ina, ndipo sinali yachibwana. Mwezi umayenda pakati pa nyenyezi, ndipo pa ola lililonse umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake momwe timauonera. Ndiye thambo lili ngati nkhope ya wotchi yaikulu, nyenyezi ndi manambala, mwezi ndi muvi. Ngati buku likunena kuti mwezi udzakhala patali mwakuti ndi nyenyezi yakuti pa nthawi yakuti ku Greenwich, woyendetsa sitima akayeza mtunda umenewo amadziwa nthawi ya ku Greenwich popanda kunyamula wotchi yodula.

Nyumba yoonera zakuthambo ya ku Greenwich inakhazikitsidwa mu 1675 makamaka chifukwa cha ntchito imeneyi. Zinatenga zaka pafupifupi 90 kuti zonse zikwanire: malo a nyenyezi olembedwa molondola, chipangizo choyezera mtunda wa pakati pa zinthu zakumwamba cha John Hadley cha mu 1731 chimene chinadzabala sextant, ndi matebulo a kayendedwe ka mwezi a Tobias Mayer wa ku Göttingen. Amene anailimbikira kwambiri njirayi ku Britain ndi Nevil Maskelyne. Iye ndi amene anayambitsa buku la chaka ndi chaka la Nautical Almanac, loyamba la chaka cha 1767, limene linachepetsa masamu a maola anayi kufika pa theka la ola.

Njira iliyonse inali ndi pofooka. Mwezi subwera masiku onse, mitambo imaubisa, ndipo masamu ake amafuna mutu. Wotchi imagwira ntchito nthawi iliyonse dzuwa likangooneka, koma ikaima kamodzi kapena kugwa, nthawi ya kumudzi yatayika ndipo palibe poitola pakati pa nyanja. Komanso mtengo. Sextant ndi buku zinali zoti woyendetsa sitima wamba n'kukwanitsa, pamene kukopera H4 kamodzi kokha kunadya mapaundi 450.

Wotchi imodzi ndi njira kodi?

Maskelyne ndi amene anatumizidwa ku Barbados mu 1763 kukayeza longitude ya chilumbacho kuti H4 iweruzidwe, ndipo mu 1765 anakhala mkulu wa ku Greenwich, udindo umene unamulowetsa m'gulu la oweruza. Harrison ndi mwana wake anaona ngati wopikisana naye wasanduka woimbira mpira.

Maganizo a Harrison anali osavuta: lamulo linati ulendo wa ku West Indies, wotchi yapita kawiri, yakhoza, perekani ndalama. Akuluakulu ankayang'ana mawu aja akuti njira yotheka ndi yothandiza panyanja. Iwo ankati wotchi imodzi, yopangidwa kwa zaka zambiri ndi nkhalamba imene sinaulule zamkati mwake, singathandize sitima mazanamazana. Sing'anga akachiritsa wodwala mmodzi koma osatchula mtengo umene wakumba, mudzi wapeza mankhwala kapena ayi?

Mu 1765 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano. Harrison alandira theka la mphoto akafotokoza zonse ndi kupereka mawotchi ake ku boma, ndipo theka linalo lidzabwera mawotchi ena otere akapangidwa n'kuyesedwa. Lamulo lomwelo linapereka mapaundi 3,000 kwa mkazi wamasiye wa Mayer ndi 300 kwa katswiri wa masamu Leonhard Euler. Mu August chaka chimenecho Harrison anamasula H4 pamaso pa akatswiri, ena mwa iwo amisiri Thomas Mudge ndi Larcum Kendall, kwa masiku 6. Analandira mapaundi 7,500 owonjezera pa 2,500 amene anali atalandira kale. Mu 1766 makina atatu aakulu aja anatengedwa kunyumba kwake kupita ku Greenwich. Maskelyne anayesa H4 kumeneko kwa miyezi 10 ndipo lipoti lake silinali lokoma. Harrison anayankha kuti wotchiyo inali itangomasulidwa kumene ndipo sinasamalidwe bwino.

Kendall anapatsidwa ntchito yokopera H4, ndipo wotchi yake, K1, inatha mu 1769. Woyendetsa sitima wotchuka James Cook anayenda nayo pa ulendo wake wachiwiri, kuyambira 1772 mpaka 1775, m'madera otentha ndi m'madzi oundana a kummwera, ndipo anaiyamikira kwambiri. Harrison naye, maso atayamba kufooka, anapanga H5. Ataona kuti zaka zikutha, William anakadandaula kwa Mfumu George III, amene ankakonda za sayansi. H5 inayesedwa kwa milungu 10 mu 1772 kunyumba yoonera zakuthambo ya mfumuyo ku Richmond, ndipo inkalakwitsa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a sekondi pa tsiku. Akuluakulu anakana kuvomereza mayeso amene sanawayendetse iwo. Nkhaniyo inapita ku Nyumba ya Malamulo, imene mu 1773 inamupatsa mapaundi 8,750. Anali ndi zaka 80.

Ndiye anawina kapena ayi? Mukaphatikiza zonse zimene analandira pa zaka zoposa 35, zimapitirira mapaundi 23,000, kuposa mphoto yaikulu ija. Koma oweruza sanalengezepo kuti wawina mphotoyo, ndipo palibe wina aliyense amene anapatsidwa. Anamwalira pa 24 March 1776 kunyumba kwake ku Red Lion Square, ndipo anaikidwa ku Hampstead.

Chronometer imene inadzadza m'sitima

H4 inasonyeza kuti n'zotheka. Sinasonyeze mmene angapangire zambiri motchipa. Ku France, Pierre Le Roy ndi Ferdinand Berthoud ankatsata njira zawozawo, ndipo Le Roy anayambitsa mfundo zingapo zimene zinadzakhala maziko a chronometer ya masiku otsatira. Ku London, John Arnold ndi Thomas Earnshaw anafewetsa kapangidwe cha m'ma 1780 mpaka mawotchi anayamba kupangidwa mazana, ndipo nawonso anakangana kwambiri za amene anayamba. Mu 1805 boma linapereka ndalama kwa Earnshaw ndi zinanso kwa mwana wa Arnold. Pofika 1831 sitima ya Beagle, imene inanyamula Charles Darwin, inali ndi ma chronometer 22.

Njira ziwiri zija sizinaphane. Kwa zaka zambiri oyendetsa sitima ankadalira wotchi tsiku ndi tsiku, n'kumaiyesa ndi mwezi mwa apo ndi apo. Ngakhale oyenda pamtunda ankatero. David Livingstone, amene anafika pa nyanja ya Malawi mu September 1859, ankanyamula sextant ndi chronometer, ndipo zimene wayeza ankazitumiza kwa katswiri wa zakuthambo Thomas Maclear ku Cape Town kuti akaziwerengere. Buku la Maskelyne nalo linasiya chizindikiro chake. Popeza linkawerengera kuchokera ku Greenwich, mapu ambiri a panyanja anatsatira, ndipo msonkhano wa mayiko ku Washington mu 1884 unasankha Greenwich kukhala poyambira longitude. Nthawi ya ku Malawi ndi Zambia imatchulidwa kuti ili patsogolo ndi maola awiri chifukwa chowerengera kuchokera pamzere umenewo.

Makina a Harrison anaiwalika n'kuchita dzimbiri mpaka Rupert Gould, msilikali wapamadzi wopuma pantchito, anayamba kuwakonza mu 1920. Ntchitoyi inamutengera zaka 13.

Mafunso amene adakalipo

Funso la Maskelyne silinathe. Buku la Dava Sobel la mu 1995, Longitude, linatchukitsa nkhaniyi ngati ya mmisiri wosauka wolimbana ndi ophunzira odzikuza. Akatswiri a mbiri amene anafufuza makalata ndi zolemba za Board of Longitude pambuyo pake amati Maskelyne sanapemphepo mphotoyo, ndipo ankachita zimene wantchito wa boma ayenera kuchita ndi ndalama za anthu. Ena amayankha kuti munthu wokhulupirira njira imodzi sankayenera kuyesa njira inayo, ngakhale atakhala woona mtima chotani.

Palinso kusagwirizana ngati lamulo la 1765 linasuntha magolo mpira uli mkati, kapena linangomasulira zimene la 1714 linanena mosamveka. Za ngozi ya ku Scilly, ofufuza ena amati kulakwitsa latitude, mapu olakwika ndi makampasi owonongeka zinathandizira kwambiri, moti kuitcha ngozi ya longitude n'kufupikitsa nkhani. Ndipo ndi gawo lalikulu bwanji la H4 limene linatuluka m'manja mwa Harrison mwiniwake, poti ku London kunali amisiri ambiri opanga tizidutswa ta mawotchi amene mayina awo sanalembedwe?

Mu 1775 Harrison analemba kuti wotchi ya pendulum yopangidwa motsatira mfundo zake ikhoza kulakwitsa sekondi imodzi yokha pa masiku 100, ndipo anthu anamuseka. Mu 2015 wotchi yopangidwa ndi Martin Burgess motsatira mfundozo inayesedwa ku Greenwich, itatsekeredwa m'bokosi kwa masiku 100, ndipo inatsalira ndi magawo 5 mwa 8 a sekondi. Ena amati Harrison wabwezeredwa ulemu. Ena amakumbutsa kuti wotchiyo inapangidwa ndi zipangizo za masiku ano zimene iye analibe.

Osunga zakale nawo ali ndi funso lawo. Ku Greenwich, H1, H2 ndi H3 zimayenda pamaso pa alendo chifukwa sizifuna mafuta. H4 amaisunga itaima, popeza ikamayenda imafuna kumasulidwa ndi kutsukidwa pakapita zaka zingapo, ndipo kumasula kulikonse kumaidya pang'ono. Okonda mawotchi ena amafuna kuimva ikugunda, pamene oisamalira amaopa kuti ingaperepeseke.